Apu ya nandolo yandikana chifukwa ndinameta maliro a malume

Mboni zanga ndi zitatu, ndizitchuliretu, kuti pasapezeke wonena kuti Gerevazio wayambanso zake zija. Yoyamba ndi mkazi wanga Nachisale, amene chibadwire ananamapo kamodzi kokha, tsiku limene anauza makolo ake kuti wapeza mwamuna wolimbikira ntchito. Yachiwiri ndi Che Idirisa wa kabaza ya njinga yamoto pa siteji ya kwathu kwa Nsamala. Ameneyu sajomba ku mzikiti, sangaipitse swala yake chifukwa cha Mkatolika ngati ine. Mboni yachitatu ndi nyumba yanga. Siyankhula, koma bwerani mudzaione. Ilibe denga.

Ndatopa, abale. Mphamvu yokalipa inandithera m'njira ya ku Liwonde, ndiye ndingofotokoza.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera anyamata a kampani ina yogula nandolo, atavala masikipa ofanana. Anati za mavenda obera pa sikelo zatha. Tsopano mlimi aziika m'foni kapulogalamu kao, kamene akuti apu, azipereka nandolo ku depoti ya ku Balaka, ndalama zizilowa m'foni momwemo. Polembetsa sankafuna siginecha kapena chidindo cha chala. Ankangokujambula nkhope. Mnyamata wina anati, “Madala, nkhope yanuyi ndiye kiyi. Kiyi mutha kutaya, koma nkhope mungaiiwale pati?”

Tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kwambiri.

Amene mumandidziwa mukukumbukira mmene ndinalili. Tsitsi la nkhalango, ndevu zofika pa batani lachiwiri la shati. Chaka chatha munasowa mwanapiye m'ndevu zimenezo, tinadzamupeza atayamba kale kulira ngati tambala. Nachisale alipo, mufunseni. Nkhope imeneyo ndi imene apu inajambula.

Ndinapereka matumba khumi ndi awiri. Apu inalemba bwinobwino: K540,000, mudzatape pakatha sabata. Ndalamazi zinali ndi ntchito kale, malata. Kalipentala anati ngati ndikufuna atsirize mvula isanagwe, ndisasuliretu udzu kuti iye aziika matabwa. Ndinasasula. Udzuwo unali wowola, Nachisale anautentha tsiku lomwelo. Katundu tinakasungitsa kwa aneba, ife anthu asanu tinasamukira m'khitchini, tikumati ndi za masiku ochepa.

Sabata isanathe kunabwera uthenga woti amalume anga atisiya kwa Kalembo. Tinapita, tinaika. Tsono kwathu kuchimuna ndi kuchikazi komwe mwambo wometa maliro sunathe. Mabanja ena masiku ano amangodula katsitsi pang'ono pa chipumi, basi kwatha. Osati kwathu. Amene amagwira lezala ndi mayi aakulu, achemwali ao a malemuwo, ndipo iwowo amameta ngati akusosa munda. Mpala. Ndevu nazo, pansi. Nditadzuka pa mpando paja mphepo inandiomba malo amene inali isanaombepo chichokereni ku pulaimale. Pofika kunyumba galu wanga anandiuwa mpaka ndinachita kumuuza dzina.

Galuyo anamva. Apu ayi.

Ndinatsegula, ndinakanikiza poti “Tapani ndalama”. Inati yang'anani kamera. Ndinayang'ana. Phethirani. Ndinaphethira. Tembenuzani mutu kumanja. Mwetulirani. Munthu ndangoika amalume dzana, koma ndinamwetulira, poti malata. Kachizungulire ka pa sikirini kanazungulira, kenaka: “Pepani, nkhope iyi sitikuidziwa.” Nditayesa katatu inanditsekera mpaka mawa, n'kuwonjeza kuti wina akufuna kuba ndalama za a Gerevazio. Uthenga wondichenjezawo unafika m'foni yomweyo, ili m'manja mwa wakubayo.

Ndinaimba nambala yao yothandiza alimi. Anayankha mtsikana wa mawu okoma, oti akhoza kukuuza kuti nyumba yako yapsa iwe n'kuthokoza. Anati ndizimitse foni ndiyatsenso. Ndinatero. Anati ndichotse zinyalala zimene apu imasunga m'kati. Anandilondolera, ndinachotsa. Anati ndipukute kamera ndi nsalu yofewa, ndikaime poyera dzuwa lili kumaso. Ndinaima pakati pa bwalo masana a Okutobala, mutu wa mpala, foni m'mwamba. Mutu unawala moti minibasi ina pa msewu inaima, dalaivala ankayesa ndi apolisi. Che Idirisa anali pa siteji, anaona.

Pomaliza mtsikana uja anati apu yanga ndi yakale, ndiitsitsenso yatsopano. Ndinagula bandulo. Foni inati malo adzadza. Ndinafufuta nyimbo zonse za kwaya, ndi zithunzi za ukwati wa Esinati, mwana wanga woyamba, kusiya chimodzi chokha chimene sindinatsinzine. Apu yatsopano inalowa. Yasintha mtundu, kale inali yobiriwira, pano ndi yachikasu. Inandikana mwachikasu.

Ku depoti ya ku Balaka ndinapeza loko. Mlonda anati nyengo yogula yatha, onse abwerera ku ofesi ya ku Liwonde.

Lolemba Che Idirisa ananditenga, K10,000 kupita ndi kubwera. Ofesi yake ndi kachipinda pamwamba pa shopu ya matayala, kufupi ndi mlatho. Pa chitseko analemba kuti amatsegula 8 koloko. Anatsegula 9:40. Pa kauntala panali mtsikana, atangoti “Takulandirani” ndinazindikira mawu aja. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa nandolo mpaka pa lezala. Anamvetsera mwaulemu, kenaka anandifunsa ngati ndinayesapo kuzimitsa foni n'kuyatsanso.

Ndinatulutsa chiphaso cha unzika. Anachiyang'ana, anandiyang'ana.

“Abambo, pa chiphasopa pali munthu wa ndevu.”

“Ndine ndemwe, chemwali.”

“Ine ndikukhulupirira. Koma sisitimu ndi imene iyenera kukhulupirira.”

Anati wodziwa za sisitimu ndi a Desimondi, amene amabwera Lachinayi lokha.

Lachinayi, K10,000 ina. A Desimondi ndi mnyamata woti ndikanatha kumubereka, wa mafoni awiri ndi tizingwe m'makutu. Anachotsa kachingwe kamodzi kokha, khutu linalo linapitiriza ntchito zina.

“Madala, apuyi ndinailemba ndine, usiku ndi usana. Ilibe vuto. Ikuchita zimene ndinaiuza. Chasintha ndi mutu wanu.”

Ndinati, “Achimwene, kwanu kulibe maliro?”

Anati aliko, koma kwao ku tauni sameta. Poyesa apuyi anayesera pa nkhope za anzake a mu ofesi, anthu asanu ndi awiri, ndipo panthawiyo panalibe amene anaferedwa. Anandithokoza kwambiri. Anati ndawathandiza kupeza chinthu chimene sanachiganizire, ndipo mu apu ya chaka chamawa aikamo batani la anamfedwa.

Ndinafunsa ngati sangangonditsegulira ndi dzanja, poti munthu ndi uyu, chiphaso ndi ichi, lisiti la nandolo ndi ili. Iyayi. Pasiwedi yotsegulira ndi dzanja ili ndi bwana, bwanayo ali ku msonkhano wa za mmene maapu angathandizire alimi. Abwera liti? Msonkhano ukatha pali wina.

“Ndiye nditani?”

“Njira yachidule, madala, dikirani zimere.”

Ndevu zija ndinayamba kusunga mwana wanga woyamba ali kumsana. Lero ali pa banja.

Kunyumba Nachisale anati tisagonje. Anandipaka mwaye wa pa poto kuchibwano ndi m'mutu. Apu inati chithunzi chada, pitani powala. Tinagwira tonde wa aneba, tinamumetako ndevu, tinamata ndi ulimbo. Apu inati chotsani chophimba kumaso. Mbuzi zazikazi zinanditsatira mpaka ku tchalitchi. Izi sindikuwonjezera, akatekisiti anachita kutseka chitseko.

Lamulungu lomwelo madzulo kunagwa chizimalupsa. Apa ndiye palibe choseketsa. Nyumba yanga ndi ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. Tinaima pa khomo la khitchini, ine, Nachisale ndi ana, tikuona madzi akutsika m'zipupa zimene tinaumba tokha zaka zitatu. M'mawa ngodya ya kuchipinda inali itatsegula mng'alu wolowa dzanja. Kalipentala anabwera, anagwedeza mutu, anati mvula ina ngati imeneyi, tidzakamba zomanga, osati zofolera. Nachisale anangotenga ndowa n'kuyamba kukapa madzi m'nyumba. Ndikanakonda akanandilalatira.

Pali mboni yachinayi imene sindinaitchule poyamba paja chifukwa cha manyazi. Ndi msuweni wanga Lufeyo, mwana wa malemu amalume, wogulitsa nsomba zouma mu msika wa ku Liwonde. Ine ndinatengera nkhope ya amalume, iyenso chimodzimodzi, ndevu ndi tsitsi lomwe. Ku maliro analipo, koma m'mawa wa tsiku lometa anazemba, akuti nsomba zake zikuonongeka. Nsomba zouma. Pa bwalo paja amene anamunyoza kwambiri ndinali ine. Ndinati munthu wokonda ndevu kuposa bambo ake asadzapondenso pakhomo panga.

Amene anakumbutsa za iyeyu ndi Che Idirisa. Anati, “Walahi, a Gerevazio, ndikamuona Lufeyo mu msika muja ndimafuna kumufunsa ndalama zanga za ulendo. Kayeseni basi.” Ndinakana masiku awiri. Tsiku lachitatu kumwamba kunachita mdima cha ku Machinga, ndinakwera njinga.

Tinamupeza akuthamangitsa ntchentche pa mulu wa usipa. Atandiona anaseka mpaka anakhala pansi.

“Dzira ili likufuna ndani? Amayi, tagulani dzira, lalero lomwe!”

“Msuweni, ndabwera ndi nkhani.”

“Pakhomo pako unandiletsa. Pa benchi yanga wabwera kudzatani? Nsomba za munthu wosalira bambo ake ungadye iwe?”

Ndinafotokoza. Anandiuza kuti ndibwereze, mokweza, kuti amayi a tomato amve nawo. Ndinabwereza. Anati ndinene kuti ndevu zake ndi zothandiza pa mtundu. Ndinanena. Anati ndilonjeze kuti ndikamupepesera kwa mayi aakulu, ndiponso ndimugulire kanyenya ndi chakumwa chozizira. Ndinalonjeza. Kenaka anapukuta manja pa buluku, anatenga foni, anaiyang'ana monyoza. Sanaphethire bwino n'komwe. Kumwetulira ndiye ankamwetulira kale.

Apu inati, “Takulandiraninso, a Gerevazio.”

Msika wonse unaomba m'manja. Ine ndinakhala pa dengu la eni ake. Ndinalima ndine, ndinapalira ndine, ndinamenya nandolo ndine mpaka mapewa kuuma, amalume ndawalira ndine mwa mwambo wake. Koma kwa apu, Gerevazio weniweni ndi uyo anathawa lezala, akununkha usipa.

Musaganize kuti ndalama zinalowa pomwepo. Inati pempho lanu lalandiridwa, dikirani.

Podikirapo ndili ndi mafunso, a kampani, poti ndikudziwa kuti ena mwa inu mumawerenga pano. Nandolo wanga munamulandira osamufunsa kuphethira, bwanji ndalama zake zikufuna nkhope? Mukulemba apu ya alimi a kwa Nsamala ndi kwa Kalembo, munalephera kufunsa munthu mmodzi wa kumudzi zimene zimachitika mutu wa munthu akaferedwa? Mnyamata wa zingwe m'makutu akuti apu ndi yotetezeka. Yotetezeka kwa ndani, poti mwini wake inamukana kakhumi, wogulitsa usipa inamulandira kamodzi n'kamodzi? Nanga K30,000 ya maulendo atatu, bandulo, kanyenya wa Lufeyo, zithunzi za ukwati wa mwana wanga, ndikatape pa batani liti?

Inu alimi anzanga, malangizo a foni ndawaphunzira mokwanira, nditha kutsegula sukulu. Kuzimitsa ndi kuyatsa kumathandiza pa matenda ang'onoang'ono. Zinyalala za m'maapu muzichotsa, foni imapepuka, izi n'zoona. Zithunzi zofunika muzisungitsako m'foni ya m'bale wanu lisanafike tsiku loti musankhe pakati pa ukwati wa mwana ndi apu. Koma akabwera ojambula nkhope, kameteni kaye, mulembetse muli mpala, poti imfa sipangana ndi munthu. Ndipo udzu wa padenga musasasule chifukwa cha nambala yolembedwa pa sikirini.

Lero ndi Lachisanu. M'mawa ndinali pamwamba pa chipupa, ndikuyala mapepala apulasitiki amene tinabwereka, kuwatsindira ndi njerwa, kumwamba kukugunda cha ku Ulongwe. Foni inali ndi Nachisale pansi. Ndinangomva ikulira.

“Bambo a Esinati, zalowa.”

“Zingati?”

“K536,500. Akuti K3,500 adula ya chitetezo cha akaunti yanu.”

Dontho loyamba la mvula linandigwera pa mpala.

“Usawerengenso, mayi. Thamanga pa siteji, uwauze Che Idirisa alize njinga. Ku Balaka amatseka shopu ya malata 12 koloko, lero ndi la Juma, eni ake amapita ku mzikiti.”