Loweruka limene ndinali wosesa

Loweruka lapitali ana a kalabu ya njinga ya pa yunivesite anandiveka kajekete kofiira. Kwa amene simundidziwa: ine ndinalowa yunivesite tsitsi litayera kale, ndipo ngakhale ndinamaliza, anawa amandilolabe kupalasa nawo. Timakumana ku Kabwata m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa.

Kajekete kofiirako n'ka wosesa. Wosesa amapalasa kumbuyo kwa onse, atanyamula pampu ndi zomatira chubu. Lamulo lake ndi limodzi lokha: sapitirira munthu. Wina akachedwa, iye amachedwa. Wina akatsika n'kuyamba kukankha njinga, iyenso amatsika.

"Ba mudala, lelo ni imwe," anatero Bwalya, mtsogoleri wa kalabu. "Kaili kumbuyo ndiye kwanu kuyambira kudala!"

Onse anaseka. Nane ndinaseka.

Ulendo unali wa ku Chelstone, kudzera ku Woodlands ndi Kabulonga. Titangodutsa Kabulonga, mtsikana wina wa chaka choyamba, Mutinta, anayamba kutsalira. Njinga yake inali yobwereka, yolemera ngati wilibala yodzaza mchenga. Anzake anazimirira pakona. Pa kachitunda kena anatsika, nkhope ili thukuta lokhalokha. Ndinatsikanso.

"Pitani chabe, ba mudala," anatero osandiyang'ana. "Ine nizabwela."

Mawu amenewo ndinawamvapo.

Ndili ndi mkulu wanga, achimwene Amidu. Ndi iwo anandiphunzitsa njinga, akuthamanga pambuyo panga atagwira chishalo. Tili anyamata tinkanyamula makala kuchokera cha ku Lilayi kupita ku msika wa Chilenje, matumba atatuatatu. Tsiku lina bambo wina amene tinkamuperekera makala anati ku ofesi kwawo kukufunika mesenjala mmodzi wodziwa njinga, ndipo akhoza kumaphunzira sukulu ya madzulo. Malo anali amodzi. Wanzeru pa awirife anali achimwene, aliyense ku Chilenje ankadziwa.

Achimwene anati, "Pita iwe, Ali. Ine ndibwera pambuyo."

Ndinapita. Sindinafunse kachiwiri, chifukwa ndinkaopa kuti angasinthe maganizo.

Sanabwere pambuyo. Anakalambira pa makala. Ine ndinkati ndikakhazikika ndidzawakoka, koma kukhazikika kwa munthu sikutha. Kuyenderana kunachepa. Ankabwera kwanga manja ali bii, ine n'kumayang'ana mipando. Anaona. Analeka kubwera. Tinaonana komaliza pa maliro a mayi athu. Pano amakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Chelstone, ndipo ndinamva kuti maso anasiya kuona.

Tandiuzani, inu owerenga, munthu akati "pitani", amakhaladi akufuna kuti mupite?

Mu Lusaka muno tinaphunzira kumva mawu amenewa mosavuta. Ukaimbira foni mbale wako, iye n'kuyankha kuti "tili chabe bwino", umadula msanga asanawonjezere china. Mlongo amene anasiya sukulu kuti akulereni akati musavutike naye, simuvutikadi. M'nyumba zambiri za mipanda italiitali muli munthu amene anauzidwa kuti atsogole. Woti atsale anadzisankha yekha, mwaulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene tinabisalamo.

Ana a kalabuwa, amene timawanena kuti sadziwa mwambo, anaona kuti wotopa amanama. N'chifukwa chake sanasiye nkhaniyi m'manja mwa wotopayo, kapena mu mtima wa wosesa. Anangoika lamulo.

Choncho ine ndi Mutinta tinakankha njinga zathu, maminibasi akutiimbira mahutala. Kondakitala wina, poona nkhalamba ikukankha njinga, anakuwa kuti, "Ba shikulu, mafuta yasila?" Mtsikanayo anaseka koyamba. Tinatsitsa chishalo chake, tinamwa madzi, tinakweranso. Anzathu tinawapeza atakhala pansi pa mtengo, palibe amene anali atatsegula chakudya chake.

Tisanafike pamtengopo tinadutsa msewu wokhotera kwa achimwene. Ndinauona. Mumtima ndinati sindingakhote, ndine wosesa, sindingasiye mwanayu. Ndikuuzeni zoona: ndinasangalala kuti ndapeza chifukwa chabwino. Zifukwa zabwino ndakhala nazo zaka zambiri.

Lamlungu ndinapalasa ndekha kupita kwa achimwene, wopanda kajekete. Pageti ndinaima nthawi yaitali, mpaka Mariamu, mwana wawo, anandiona. Anagwira pakamwa, n'kunditsegulira.

Achimwene anali pakhonde, atavala kofia yoyera, achepa thupi kwambiri. Ndinalowa ndikukankha njinga. Anapendeketsa mutu, akumvetsera.

"Mariamu, ndani ameneyo? Umuuze tcheni yake yauma."

"Ndine Ali, achimwene."

Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri, koma onse anathawa.

"Bweretsa njingayo kuno," anatero achimwene.

Mariamu anabwera ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera. Ndinatembenuza njinga matayala m'mwamba, ndipo iwo anayendetsa zala pa tcheni, akudontheza mafuta pang'onopang'ono, ine ndikuzungulitsa pedulo. Anafinya tayala, anagwedeza mabuleki.

"Yopepuka," anatero. "Iyi sinyamula ngakhale thumba limodzi."

"Si ya katundu, achimwene."

"Nanga ndi ya chiyani?"

"Yongoyendera."

Anapukuta zala pa malaya awo. "Ine sindinakwerepo njinga yongoyendera," anatero.

Sanali kudandaula. Anangonena ngati munthu wotchula dziko limene sanafikeko. Pepani wanga ndinabwerera naye kunyumba, adakali pakhosi. Njira yonse tcheni sinalire, ndipo ine ndinkangoganiza: kodi ndikawakweza pa chishalo chija, ine n'kugwira kumbuyo, miyendo yanga ingathamangebe mpaka pageti?