Ana Awiri Pabedi Limodzi

Mwana wanga woyamba anadwala chikuku asanabatizidwe. Lero ndi bambo wandevu zake, ndipo ndikamuuza nkhaniyi amaseka mpaka kutsokomola. Ine masiku amenewo kuseka kunalibe.

Tinkakhala ku Chikangawa, kumene bambo ake ankagwira ntchito yocheka matabwa a paini. Kwathu ndi ku Dedza tonse awiri. Ukwati wathu unali wongolowana, wosadalitsa kutchalitchi, choncho akulu a mpingo anatidula, ndipo mwana wa anthu odulidwa sankabatizidwa mpaka makolo atabwezeredwa. Ine kukalasi ndinkapita osajomba, kaya kugwe mvula, kaya kuchite chifunga chakumeneko chija choti suona ndi nyumba ya mnzako yomwe. Koma mwamuna wanga, ha! Lamlungu likangofika, msana unkayamba kuwawa. Ndikamukumbutsa za mwana ankangoti, "Amake mwana, Mulungu si kapitawo woti adule tsiku la mwana chifukwa bambo ake ajomba." Pakamwa pokha anali katswiri, ndipo ankandipsetsa mtima kwabasi.

Chikuku chitalowa m'malayini a antchito, sichinasiye nyumba. Wanga chinamugwira moipa. Maso anatsekeka ndi manthongo, m'kamwa munadzaza zilonda, bere anakana, madzi anakana. Kukachipatala kathu kakang'ono anati ndipite naye ku boma, ndipo ndinakwera lole ya matabwa mpaka ku Mzimba. Bambo ake anatsala ku ntchito.

Ana odwala anali ochuluka chaka chimenecho, moti ankagona awiriawiri pabedi, ife amayi n'kumayala pansi. Wanga anamugoneka ndi mwana wa mayi wina wa ku Euthini, mnyamatanso, wamsinkhu womwewo. Chikuku sichisankha, onse awiri nkhope zinali zotupa, zofiira ndi nsungu. Ndipo onse tinawafunditsa nsalu ya chipani, ija tinkavina nayo pamisonkhano. Mayi aliyense anali nayo, ikayamba kusuluka inkasanduka chofunda cha mwana.

Masana aliwonse, nthawi yoona odwala, kunkabwera mnyamata wa tayi wochokera ku maofesi a pa boma kudzalalikira. Ankaima pakati pa mabedi n'kumafotokoza za moto wa ku gehena ngati anakafikako n'kubwerako dzulo. Za chikondi cha Mulungu ankazitchula kumapeto, mwachangu, akuyang'ana wotchi. Iye akachoka, ulaliki wake unkatitsatira kukhitchini ya odikirira odwala, kumene tinkaphikira phala, ndipo mkangano unkabuka pomwepo.

Tsiku lina ndinafunsa ngati ndikufunsira munthu wina. Ndinati, kodi khanda likamwalira losabatizidwa limapita kuti? Ndinaputa mavu. Mayi wina wachikulire, wa mpingo wopemphera Loweruka, anati akufa onse ali m'tulo, palibe amene wapita kulikonse. Mayi wina wa mpingo wanga, amene tinkadziwana kuchokera ku Chikangawa, anati tchimo la makolo silisiya mwana, ndipo ponena zimenezo anandiyang'ana ine. Mayi wa ku Euthini uja anati kwao amabatiza akuluakulu okhaokha, mumtsinje, chifukwa khanda lilibe choti lilape. Kenaka anayankhula mkazi wa wapolisi wina, wa ku Mulanje, amene sankavula korona m'khosi. Tinkangowatcha mayi a korona.

"Kupsa sapsa ayi," anatero mofatsa. "Koma nkhope ya Mulungu saiona. Amakhala kwaokha, panja."

Pa mayankho onsewo, limene linanenedwa mofatsa ndi limene linandilasa. Moto sindinkatha kuuganizira pa kamwana kanga, koma panja ndinkapadziwa. Mwana ameneyu ankalira ndikangopita kukatunga madzi. Ndiye akhale panja pa chitseko yekhayekha, mpaka kalekale, chifukwa ine ndi bambo ake tinathamangira kulowana? Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Imfa yake ndinkaiopa, koma kumene akapite ndiko kunkandiopsa koposa.

Mayi a korona anaona nkhope yanga. Titatsala awiri pampopi anandikodola.

"Achemwali, mwana wake ndi wanuyu eti? Musabise. Kwathu mwana akakhala pakati pa moyo ndi imfa, aliyense akhoza kubatiza, ngakhale ine ndemwe. Timadzi pang'ono ndi mawu ake, basi."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto linali mayi wa mpingo wanga uja. Akanangoona, nkhani ikanafika kwa akulu a mpingo ine ndisanafike kunyumba, ndipo kalasi yanga yonse ikanapita m'madzi. Ndiye tinapangana kuti masana ndimutenge mayiyo tikachape matewera kuseri, mayi a korona atsale agwire ntchito.

"Wanga ndi wakukhomayo," ndinawauza.

Zinayenda monga tinapanganira. Pobwera kochapa ndinawapeza ali pakhonde, anangondigwedezera mutu. Mtima wanga unakhala pansi nthawi yomweyo. Mwana anali chimodzimodzi, kupuma kwake kukumveka ngati sowo yobuntha, koma ine ndinadya chakudya changa chonse kwa nthawi yoyamba chibwerere kuchipatalako. Ndinkati ngakhale apite, chitseko chatseguka.

M'mawa mwake tili kukhitchini, mayi a korona anandinong'oneza.

"Koma achemwali, kamkanda ka padzanja kaja mukamuvule. Mwana wobatizidwa savala zimene zija."

"Mkanda uti?"

"Woyera uja, wa padzanja lamanzere."

Chikombe chinagwa m'manja mwanga. Mwana wanga sanavalepo mkanda chibadwire. Wa mkanda anali wa ku Euthini. Zinapezeka kuti ine nditangotuluka, anamwino anabwera kudzabaya ana jakisoni, ndipo powagonekanso wanga anakhala wakunjira. Mayi wa ku Euthini anali atapita kumsika. Mayi a korona anapeza mwana ali kukhoma, wofunda nsalu ya chipani, nkhope yotupa, n'kumubatiza bwinobwino, ndi dzina lomwe anamupatsa. Ine pobwera ndinaona ndithu kuti anawo asinthana malo, koma ndinkayesa zachitika ubatizo utatha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine ndi munthu wosatha kudziletsa. Chinsinsi chimene ndinachisamala tsiku lonse ndinachiulula ndekha ndi kukuwa.

"Mwabatiza mwana wa eni ake! Wanga mwamusiya!"

Mayi wa mpingo wanga anaika manja m'chiuno. Mayi a korona anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Tonse tinatembenukira kwa mayi wa ku Euthini, amene anagwada akukolezera moto, chifukwa tinkadziwa kuti mpingo wake sufuna n'kumva komwe za ubatizo wa makanda. Ine ndinkayembekezera ndewu.

Anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja.

"Mbwenu mwana wane ndiye mwamuthira maji?"

"Pepani, amayi," anatero mayi a korona. "Sindinadziwe."

Mayi uja anayamba kuseka. Anaseka mpaka anatsamira chipupa.

"Yewo chomene, amama. Thupi linatentha nadi, mwamuziziritsako."

Ena anaseka naye, koma ine ndinali kulira ngati mwana, chifukwa mtendere wonse umene ndinagona nawo unali wa madzi ogwera pamutu pa mwana wa wina. Mayi uja ataona choncho analeka kuseka. Anabwera n'kundigwira paphewa, n'kuyankhula m'Chichewa chake chosakaniza.

"Amama, lekani kulira, ndapota. Awa asokoneza chifukwa ana si awo. Nanga imwe mungasokoneze? Nsalu imodzimodzi, nkhope zotupa, mungatenge wane m'malo mwa winu?"

Ndinapukusa mutu. Wanga ndikanamudziwa ndi kupuma kokha.

"Mbwenu Chiuta, amene anamuumba m'mimba mwinu, ndiye adikire maji pachipumi kuti amuzindikire?"

Musaganize kuti mkangano unathera pamenepo. Mayi wa mpingo wanga anati lamulo ndi lamulo, Mulungu ndi wachikondi koma ndi woweruzanso, si wongosekerera zilizonse. Mayi a korona anati palibe amene wanena kuti Mulungu sazindikira ana ake, koma madziwo analamula ndi Iye mwini, ife sitingachotsepo. Wa Loweruka uja anayambiranso za tulo take. Aliyense anali ndi mfundo, ndipo mpaka lero ndikakhala pansi ndimaona kuti panalibe wopusa pakati pawo. Koma ine ndinali nditasiya kuwamvera. Ndinkangoganiza kuti ngati ine, mkazi wodulidwa mumpingo, sindingasiye mwana wanga panja, koma n'kumaganiza kuti Mulungu angamusiye, ndiye kuti ndikudziyesa wachifundo kuposa Mulungu. Chinthu chimene chinandikhala pachifuwa masiku onse aja chinayamba kumasuka.

Mayi a korona okha ndiwo sanapeze mtendere. Manyazi anawagwira, ndipo anachonderera kuti ndiwalole akonze cholakwa chawo. Ndinalola. Mtima wa mayi ndi wadyera, umafuna mankhwala a m'botolo ndi a m'supuni omwe. Za kubisa panalibenso, pakuti chinsinsi ndinali nditachiwulutsa kale. Anatunga madzi pampopi m'kapu yachitsulo, ndipo tinalowa m'chipinda cha ana dzuwa lili pamutu, amayi onse akutitsatira. Ngakhale wa mpingo wanga uja anabwera, kuti akakanene zoona ndi maso.

Ulendo uno mwana ndinamunyamula ndekha. Anali wopepuka, milomo yosweka, mutu ukungolendewera pamkono panga. Mayi a korona anaima patsogolo pathu, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kukweza kapu ija pamwamba pa chipumi chake. Kapuyo inapendekeka pang'ono, moti dontho limodzi linagwa nthawi isanakwane n'kutsikira pamphuno mpaka pamlomo.

Mwana ananyambita.

Kenaka diso limodzi linatseguka pang'ono pakati pa manthongo. Kadzanja kanatuluka m'nsalu, kanafufuza m'mwamba, kanagwira mkombero wa kapu n'kuyamba kukokera kukamwa. Mwana amene anakana bere, amene anamwino ankachita kumukanula pakamwa kuti amuthire timadzi, anali kukoka kapu ndi mphamvu zake zonse.

Mayi a korona anaima mawu ali pakamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana amayi ena aja.

"Ndibatize kapena ndimwetse?"

"Mwetsani, mwe!" anakuwa mayi wa ku Euthini. "Mwetsani, ndapota!"

Anatsitsa kapu. Mwana anamwa, kukhosi kukumveka kuti gudyu, gudyu, madzi ena akutayikira pansalu. Anapuma, anatsokomola, n'kukokanso. Palibe amene anayankhula za kumwamba kapena za gehena. Mayi wa mpingo wanga uja ndi amene anathamanga kukaitana anamwino, akufuula m'khonde monse kuti mwana wamwa, mwana wamwa. Ine ndinangokhala pansi pomwepo mwana ali m'manja, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Mayi a korona anasuzumira m'kapu, anaipendeketsa. Munalibe ngakhale dontho.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "ndikatunge ena?"

"Katungeni," ndinawayankha. "Mudzaze. Akadali ndi ludzu."