Mvula sindinaimange ine

Ine wovina ine, ine woseka mpaka mano anathera m'kuseka! Koma chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ayi, kuseka ndinaleka.

Anabwera masana, anyamata a m'mudzi momwemo, ena ndinawasambitsa ndi manja angawa. Anapeza mtsuko ndauvundikira pakhonde kuti uume. Ati si uyu, wavundikira mvula! Phwaa, anauswa. Kumbuyo kwawo kuli alamu anga, ang'ono awo a malemu amuna anga, manja kumsana.

"Alamu, bakakhalani kwa mwana wanu ku Mualadzi. Munda ndikuonerani."

Kundionera! Munda umene ndinazula zitsa titabwerako kothawa nkhondo ku Zambia?

Ku Mualadzi ndinapitadi, wapansi, koma kukamutenga mwana wanga wamkaziyo, wophunzitsa pa shikola. Pobwerera anandiimika, nkuloza kumwamba.

"Amayi, kuseri kwa mitambo kuli mphepo ina, sigwedeza tsamba. Kuno kotentha mpweya umakwera nkukalowa m'menemo, nkumakwawa zaka ndi zaka kulowera kumaiko ozizira. Umanyamula zosaoneka, za m'mafabirika opangira katundu, za m'majeleira akale oziziritsira zakudya, za anthu osadziwa n'komwe kuti kuli Chifunde kwathu kuno."

"Ndiye zadula mvula n'zimenezo?"

"Kulumbira sindingalumbire. Koma dziko likutentha, nyengo zasokonekera."

"Iwe, ndinakuyamwitsa kuti uzikana kulumbira?"

Mtima unawira, unawira. Jeleira ndilibe ine. Madzi ndinkaziziritsa mumtsuko womwe anaswawo.

Lamulungu titatuluka Misa mwana wanga anafotokoza zonsezo pabwalo. Anthu kuyasamula. Alamu ati, "Nanga mphepoyo tikaigwira kuti, mayi aphunzitsi?" Anthu gwedegwede kuseka. Pamenepo ndinaona: akufuna womanga mvula wa miyendo, wokhala ndi munda wabwino.

Ndiye ndinamanga nsalu m'chiuno, ndinaiyamba nyimbo ndekha:

Mphepo ya kumwamba simuitha, ee,
mwatha nkhalamba!
Kwerani mukaiswe, ee,
mwaswa nkhalamba!

Amayi a mpingo anayang'anana. Wina anavomera chapansipansi, wina anaomba m'manja, kenaka bwalo lonse fumbi kobo. Wopepesa panalibe, mpaka lero palibe.

M'mawa mwake ndinapeza alamu aunda kale mizere ya mbatata kumalire a munda wanga. Ndinaisalaza ndi khasu iwo akuona, mzere ndi mzere, ndikuimba. Ndinabzala khobwe. Munda ndi wanga, ndikulimabe.