Tebulo la Mayi Changu

Timawatcha Mayi Changu chifukwa cha zala zawo. Shopu yomwe amagwiramo ntchito yayang'anizana ndi khonde limene ndimasokerapo. Amataipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi a madandaulo. Anayamba kalekale ndi taipi yachitsulo, yolira ngati matalala padenga. Kompyuta itabwera anaizolowera msanga, koma tebulo analisiya monga kale: zenera kumsana, kuti kuwala kuzigwera papepala. Tsopano kuwalako kunkagwera pagalasi la kompyuta n'kubwerera m'maso mwawo.

Chaka chatha anayamba kusakhazikika. Akhala pansi, aimirira, apukuta galasi ndi mpango, akhalanso. Maso psuu, ngati asenda anyezi. Tsiku lina mphunzitsi wina anabweza kalata yake kachitatu.

"Mayi, mzere wachiwiri uli kuti? Mwaudya?"

Mwini shopu sanaseke. Anati akalakwitsanso sabata imeneyo, pampandopo aikapo wina.

Masana Mayi Changu anawoloka msewu akutikita zikope.

"Atelala, inu pamsinkhu umenewu bowo la singano mumaliona bwanji?"

"Ulusi ukatha, maso ndimaponya kutali."

"Ndiye ine ndizingoyang'ana kumsewu ngati wodikira basi? Andichotsa lero lomwe!"

"Pakutha pa tsamba pokha. Muziphethiranso. Ndimakuonani, mumatong'ola maso ngati nsomba."

"Nsomba ndinu."

"Ndipo tebulo lija litembenuke."

Apo ndiye anakana. Zaka makumi atatu zenera lili kumsana, lero telala awaphunzitse kukhala? Anapita, anabwerera, anapitanso. Chakumadzulo anandikodola. Tinalikoka tebulolo mpaka zenera linakhala cham'mbali, kompyuta tinaikankhira kutali pang'ono, kuwala kwake anachepetsa okha akung'ung'udza.

Masiku awiri oyamba ankangotembenuka pampando, ati chipinda chasanduka cha eni. Koma tsamba likatha ankadzutsa mutu.

Lachisanu mphunzitsi uja anabweranso. Anawerenga kalata yake ataimirira, chala chikutsata mzere ndi mzere. Mayi Changu anali atagwira m'mphepete mwa tebulo, phazi likugogoda pansi. Mphunzitsiyo anapinda kalatayo, naiika m'thumba. Mwini shopu anakanda m'mutu n'kulowa mkati.

Mpando udakali wawo. Vuto lagwera ine, chifukwa kutali kumene anasankha kuyang'ana ndi khonde langa. Tsamba lililonse likatha ndimamva mawu kuchokera kutsidya:

"Atelala, mpendero uwo wapotoka!"