Kuwerenga Kuli Pawiri

Linali Lachisanu, 4 koloko madzulo, patapita masiku atatu chiikireni atate m'manda. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Achibale anali atakhala pamphasa panja pa nyumba yathu yalendi ku Area 1, kuseri kwa masitolo, akugawana katundu wa malemu. Atate anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye pafupi ndi msika, ndiye katundu sanali wambiri. Makina ndi njinga anatenga akulu awo, amene tinkawatchula kuti atate aakulu. Jekete ndi nsapato zinapita kwa ena. Chomalizira kutuluka m'nyumba chinali katoni ya sopo yomanga ndi nsanza. Munali mabuku.

Onse analibe zikuto. Atate ankazing'amba akangofika nawo pakhomo. Ankati masiku amenewo dzina lokha la buku likhoza kukutengetsa, ngakhale m'kati muli nkhani ya nkhuku.

Atate aakulu anakankha katoniyo ndi phazi, nayang'ana amayi.

"Mlamu, izi musasunge. Zopanda mayina izi zidzakuitanirani anyamata a chipani. Mukawapatse amayi a zitumbuwa azikulungira. Nanga pakhomo pano alipo angawerenge mabuku amenewa?"

Ine sukulu ndinali nditalekezera sitandade 2. Kuwerenga kumene ndinkakudziwa bwino kunali kwa matimati a amayi poika pamulu. Ndinayesa akufuna kudziwa kuchuluka kwake. Ndinagwada, n'kuyamba kutulutsa limodzilimodzi.

"Alipo khumi ndi awiri, atate."

Anthu anaseka. Pamaliro a atate anga anthu anaseka mpaka azakhali ena kupukuta misozi ndi chitenje. Wina anati, "Mwana wa telaladi uyu, wawerenga mabuku ngati mabatani!" Amayi anaweramitsa mutu. Ine mawu anangotuluka ndisanawaganize.

"Ndiwerenganso kwinako."

Atate aakulu anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Chaka chamawa mwezi ngati uno ndidzabwera kudzakutengani kuti tikawake chiliza. Ukadzakhala utamaliza onse, ndi ako. Likadzatsala limodzi lokha, katoni yonse ku zitumbuwa."

M'mawa mwake ndinatenga buku lopyapyala kuposa onse. Linalidi la nkhuku. Ndinkayendetsa chala pansi pa zilembo, milomo ikugwedera, ndipo ndikafika kumapeto kwa mzere ndinali nditaiwala kale kumene unayambira. Linanditengera miyezi iwiri. Nditalitseka ndinakwiya nalo kwambiri: miyezi iwiri yathunthu kuti lindiuze kuti chitopa chikalowa m'khola palibe mankhwala, zomwe mayi aliyense pa mzere wathu ankazidziwa. Koma choopsa chinali china. Miyezi inatsala khumi, mabuku khumi ndi limodzi.

Amene anandithandiza anali Che Amidu, Msilamu amene makina ake ankayandikana ndi a atate pakhonde lija. Ndinkabisa buku m'chitenje podutsa pachipata cha msika pamene ankafunsa makhadi a chipani, ndikatula dengu la amayi ndinkathamangira kwa Che Amidu. Masamba othothoka ankawasoka ndi ulusi wakuda. Tsiku lina anandimvera ndikuvutika, singano ili kukamwa, kenaka anailavulira m'manja.

"Iwe Nabanda wamng'ono, ukusoka pamanja. Chilembo, chilembo, chilembo! Udzamaliza uli ndi imvi. Ponda makina. Diso lizitsogola, pakamwa pazitsatira, ngati nsalu pansi pa singano."

Ndinaponda. Poyamba ndinkakhotetsa mawu, iwo n'kumaseka, koma mvula yoyamba isanagwe ndinali nditamaliza anayi.

Buku lachisanu ndi limene sindiliiwala. Inali nkhani ya mwamuna wopita ku Joni, kusiya mkazi ndi ana awiri. Ndinkawerengera amayi masana akusankha nyemba, popeza iwo sankadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe. Chimwalirireni atate, amayi sankayankhula kwenikweni. Koma tsiku lachiwiri anaimitsa lichero.

"Ameneyo abwera?"

"Sindinafikepo, amayi."

"Ndiye fulumira, ukuchedweranji?"

Mwamunayo atabwera ndi mkazi wina, amayi anati, "Tseka. Galu ameneyo ndisamumvenso." Anakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi anandituma okha kukatenga bukulo, ati afuna amve ngati mkazi woyamba uja anakolola chimanga chake. Anakolola. Amayi anaomba m'manja kamodzi, ndipo tsiku limenelo ndinawaonanso mano.

Ena sanandikomere chimodzimodzi. La ndakatulo sindinalimve bwino, komabe ndinkakonda mmene mawu ake ankagwera m'kamwa, ndipo ndinkawayimba potunga madzi pampopi. La kaleredwe ka ana ndinaliwerenga chamumtima, chifukwa masamba ena anandichititsa manyazi. Mu Januwale denga linadontha, mabuku awiri n'kunyowa. Ndinawasita tsamba ndi tsamba ndi simbi yamakala, ndipo mpaka lero amanunkha utsi.

Meyi akutha ndinatseka la khumi ndi chimodzi. Pansi pa katoni panatsala lalikulu, limene ndinkalizemba chaka chonse. Linali la Chingerezi.

Che Amidu anapukusa mutu. "Chizungu changa chimathera pa mainchesi, mwana wanga."

Amayi anali ndi nzeru ina. "Atate ako aakulu Chizungu sachidziwa. Ungotchula zilembozo mokweza, molimba mtima. Avomera."

Ndinatsegula kuti ndiyeserere bodzalo. Pamwamba pa mawu a Chingerezi panali timawu tating'ono ta pensulo, tofufuma. Nkhosa. Mpanda. Kuzizira. Ndinadziwa dzanjalo nthawi yomweyo. Ndi lomwe linkalemba miyezo ya chiuno ndi mapewa pa kapepala kopachika pamakina. Atate anga, amene ndinkayesa kuti amadziwa zonse, nawonso ankasoka pamanja. Pensuloyo inayenda masamba makumi awiri ndi atatu, n'kuima pakati pa mzere.

Masabata atatu otsalawo ndinatsata pensuloyo mawu ndi mawu. Pamene inaima, inenso ndinaima.

Atate aakulu anabwera pa njinga ya atate ija. Atamwa madzi anati, "Tulutsa mabatani ako aja." Anasankha mabuku atatu, n'kumatsegula paliponse. Ndinawerenga osapunthwa. Ananditsekera la nkhuku n'kufunsa za chitopa, ndinawayankha. Kenaka ananyamula lalikulu lija. Amayi ananditsinzinira diso.

"Ili nalo wawerenga?"

"Kuwerenga kuli pawiri, atate. Masamba ake ndawerenga, alipo mazana awiri ndi asanu ndi limodzi. Kuwerenga kwinako ndafika pamene anafika atate."

Ndinawatsegulira. Iwo sukulu sanapite patali, koma makalata a mng'ono wawo ankawalandira kumudzi, ndipo dzanjalo analizindikira. Anayendetsa chala chachikulu pa pensuloyo pang'onopang'ono.

"Akuti chiyani apa?"

Ndinawerenga tsamba lomaliza. "Mpanda. Anagwetsa. Mkulu wake. Anakwiya. Anabwerera."

"Kenaka?"

"Atate analekera pomwepo."

Kumsika kunkamveka ogulitsa akuitanira, ndipo fungo la zitumbuwa linkachokera kuseri kwa nyumba. Ndinkadziwa kuti pangano ndalephera.

"Tinati khumi ndi awiri," anatero atate aakulu. Anakhosomola, nayang'ana kumbali. "Koma telala akamwalira malaya ali pamakina, sitiwataya. Wina amamaliza. Bweza mukatoni. Ndidzafunsanso kuti abale amenewa zinawathera bwanji."

Sanafunsenso. Anamwalira ndisanadziwe yankho. Ine sukulu sindinabwerere. Ndinakwatiwa ndi a Phiri, amene anali mesenjala m'maofesi a ku City Centre ndipo Chingerezi ankachidziwako. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkatenga tsamba limodzi, nthawi zina theka, iwo kutanthauzira, ine kulemba ndi pensulo kuyambira pamene atate anasiyira. Zinatitengera zaka zisanu ndi chimodzi. Kunena zoona, nkhani yake sinali yokoma. Abale aja anadzagwirizana patsamba lomaliza, nkhosa zitafa kale. A Phiri anati, "Mayi, zaka zonsezi tavutikira mpanda?" Tinaseka mpaka ana kutuluka m'chipinda kudzaona.

A Phiri anamwalira chilimwe chathachi. Achibale awo anabwera, anagawana zawo, katoni sanaifunse. Masabata oyamba ndinkangowerenga masiku. Ndikadzuka, lero ndi la khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Ndikasesa, lero ndi la makumi atatu. Tsiku lina ndinadzimva ndikutchula nambala mokweza ndili ndekha pakhonde, ndipo ndinakumbukira kamtsikana kogwada pamphasa kaja. Kuwerenga kumeneko kumangokuuza kuchuluka kwa zimene zapita, basi. Sikukuuza kuti kenaka chinachitika n'chiyani.

Ndinatsitsa katoni pamwamba pa kabati. Ndayambiranso, buku limodzi mwezi uliwonse, kuyambira la nkhuku, mpaka tidzawake chiliza cha a Phiri. Maso afooka, ndiye ndimawerenga m'mawa ndikamaliza kusesa, dzuwa lili pakhonde. Panopa ndili pa lachinayi.