Mbulanda, Galimoto Yoyezedwa pa Jeneza

Lachinayi, pa 14 Seputembala 1978, dzuwa lili paliwombo, maliro a mayi wina anatsitsidwa m'galimoto ya Che Usumani Dalesi kuti mukwere mbuzi. Zinachitika pamsewu wafumbi wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja, kufupi ndi Nsanama, anthu akuona. Amene analamula ali moyo mpaka lero, ndipo Lachisanu lililonse amaswali pamzere woyamba mumzikiti.

Kukula kwa mlanduwu sikungamveke kwa munthu wosaidziwa galimotoyo ndi mwini wake.

Che Usumani anali munthu wa ku Ntaja, wamfupi, wa manja aakulu osayenerana ndi thupi. Anakulira m'magalaja a ku Limbe, kumene anayamba ndi kutsuka masipanala, natsiriza akumasula injini okha. Ali komweko, mayi awo anadwala kumudzi, abale nawatengera kuchipatala chachikulu chakutali. Anamwalirira kumeneko. Wa lole aliyense anakana kukweza maliro pamwamba pa katundu wake, uthenga nawo unayenda ngati nkhono, ndipo pamene Che Usumani ankafika anapeza akaidi atawaika kale mayi aja, osasambitsidwa, opanda sanda yowakulunga, nkhope itangoyang'ana kumene yayang'ana. Kwa Msilamu palibe kutayika koposa apo. Ntchito ya ku Limbe inathera pomwepo. Anabwerera ku Ntaja ndi bokosi la masipanala, nayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Ku Mposa, pa esiteti ina ya fodya, kunali lole yakale ya Bedifodi imene inagwera m'chigwembe nthawi ya dzinja, mwini wake naitaya mtima. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala. Che Usumani anakonza thalakitala ya pa esitetipo, ndipo atafunsidwa za malipiro analoza chitsulo chija. Thalakitala yomweyo ndiyo inachikokera ku Ntaja.

M'mawa mwake anapita kwa shehe kukabwereka jeneza, chonyamulira maliro cha pamzikiti. Anaigoneka pabwalo pambali pa lole.

"Bambo a kuno, mwayamba kudziyeza nokha?" anafunsa mkazi wawo, Abiti Uladi, ataima pakhomo ndi lichero. "Ngati mukumva m'thupi nenani, tifune nsalu."

"Ndikuyeza lole."

"Imeneyo inafa kalekale. Ingoikwirirani."

Che Usumani analemba ndi khala pamene jeneza inalekezera, nawonjezapo malo oti anthu awiri akhale, kenaka anadula chasisi ndi sowo ya zitsulo. Ntchito yodulayo inadya mwezi wathunthu ndi khungu la m'manja. Bodi yolemera anaichotsa, naikapo matabwa a mlombwa. Mwa matayala anayi akumbuyo anasiya awiri. Masipuling'i anawaphungula kuti womwalira asamadumphe m'mabampu. Thanki ya mafuta inali itaboola ngati sefa, ndiye anamangirira chigubu cha palafini kuseri kwa mpando. Utsi unkatulukira m'paipi ya mjigo wakufa. Boneti anaipereka kwa wokhoma zidebe posinthana ndi batire, moti injini inatsala poyera, mawaya onse pamtunda. Ana a pamsika ataiona anaitcha Mbulanda, ndipo dzinalo linakakamira.

Chimene mwini wake sanachiwerengere n'chakuti injini imene inapangidwa kuti izikoka mabelo a fodya tsopano inkakoka matabwa. Tsiku loyesa, atangoipukusa ndi hendulo n'kuponda moto, Mbulanda inalumpha ngati gwape, inadutsa pamsika ikubangula, amayi a tomato ali balala, nikaima kutsidya kwa sukulu. Che Usumani anabwerako nkhope ili mbuu, chisoti chitatsala panjira.

"Mwapanga galimoto kapena mfuti?" anatero Abiti Uladi. "Mukapha amoyo pothamangira akufa."

Kuyambira pamenepo ikakhala yopanda kanthu ankaikamo matumba a mchenga. Koma liwirolo ndilo linali phindu lake. Munthu akamwalira m'mawa kuchipatala cha ku Balaka kapena ku Zomba, ankalowa m'manda a kwawo dzuwa lisanalowe, monga chimafunira chipembedzo. Abale ankangothira mafuta. Akhristu nawo inkawanyamula, bokosi linkakwana bwinobwino. Nsomba za ku Chiuta ndizo Che Usumani ankakana, ngakhale amalonda anawanyengerera kangati, ati pogona anthu sipaikidwa matemba. Anthu akamva kubangula kuja n'kuona masamba aawisi atamangidwa kutsogolo, apanjinga ankatsika, amayi ankapatuka n'kugwada.

Zinayenda chotero zaka zisanu.

Tsiku limene ndatchula lija, Mbulanda inkachokera ku Balaka itanyamula Rukiya, mayi wachitsikana wa kwa Kawinga amene anamwalira mbandakucha atadwala masiku ochepa. Pambali pa jeneza panakhala mayi ake ndi mwamuna wake Hassani, msodzi wa ku Chiuta. Uthenga unali utatsogola palamya, ndipo kumudzi amuna anali akukumba kale manda pafupi ndi a agogo ake.

Atayandikira Nsanama anapeza lole itafa pakati pa msewu, anyamata a chipani a malaya ofiira ataizungulira. Masana amenewo ku Liwonde kunali msonkhano, kukubwera mlendo wamkulu wochokera kulikulu, ndipo dera lililonse linayenera kufika ndi mphatso. Mbuzi, nkhuku, mpunga ndi mazira za m'lolemo zinatoledwa khomo ndi khomo, mosafunsa eni ake. Woziperekeza anali tcheyamani wa dera la Ntaja, Che Abdulaziz Laisi, amene anavinidwa jando limodzi ndi Che Usumani. Anaima pamsewu atatambasula manja, jekete itanyowa ndi thukuta.

"Che Usumani, Mulungu wakutumani."

"Wandituma kwa Kawinga, a tcheyamani. Onani masamba."

"Ndawaona. Tsitsani kaye."

Che Usumani anayesa kuti phokoso la injini lawatseka makutu. Anaizimitsa.

"Mwati bwanji?"

"Tsitsani, tikweze izi. Mukatitula ku Liwonde mubwerera."

"Achimwene, uyu ndi Rukiya. Mpunga wa ukwati wake munadya nawo."

"Wakufa sachedwa, achimwene. Wochedwa ndine. Mukufuna ana anga mawa akandifune kuti?"

Che Usumani anasuzumira m'injini ya lole ija, poganiza kuti mwina aidzutsa. Inali itagwira, yosadzukanso tsiku limenelo. Atacheuka anaona anyamata awiri akukwera kale pamatabwa. Hassani anaimirira.

"Iyayi," anatero. "Musamugwire inu."

Anagwira yekha kumutu, Che Usumani kumiyendo, namutsitsa mkazi uja, kukamugoneka pansi pa mtengo wa masuku. Che Laisi anazula masamba a kutsogolo kwa galimoto ndi manja awo, nawaponya m'ngalande. Mbuzi zinakwera.

Che Usumani anayang'ana dzuwa. Liwonde sanali patali, ndipo liwiro la Mbulanda ankalidziwa. Kukana kukanangowapezetsa maunyolo, maliro n'kutsala pomwepo opanda wowanyamula. Anagwada pafupi ndi mayi ake a Rukiya.

"Amayi, musachoke pamthunzi. Dzuwa lisanapendeke ndabwera."

Mayiwo anathyola kanthambi nayamba kuingitsa ntchentche pachitenje chimene chinafunda mwana wawo.

Mbulanda sinathamangepo monga inathamangira tsiku limenelo. Mbuzi zinkalira, anyamata atakumbatira matabwa, Che Laisi atagwira chisoti ndi dzanja limodzi.

"Pang'onopang'ono, mazira!"

"Mazira sachedwa, a tcheyamani."

Ku Liwonde mphatso zinkaunjikidwa pamalo otchingidwa ndi chingwe, kutsogolo kwa nsanja. Apolisi anawauza kuti alowetse galimoto momwemo kuti atsitse msanga. Ali mkati motsitsa, nyimbo za amayi zinakwera, mlendo wamkulu anafika, ndipo chingwe chinamangidwa kumbuyo kwawo. Che Usumani anaima pambali ndi hendulo m'manja, okonzeka kupukusa chingwe chikangomasulidwa.

Woyendetsa mwambo anayamba kuyendera milu ya mphatso, akutchula pachimkuzamawu zimene akuona. Atafika pa za ku Ntaja anatchula mbuzi, nkhuku, mpunga. Kenaka anaima, akuyang'ana chinthu cha injini yapoyera, paipi ya mjigo ndi chigubu cha palafini. Anatchinga chimkuzamawu ndi dzanja nafunsa Che Laisi, "Nayonso iyi?"

Che Laisi anagwedeza mutu kuvomera.

"Komanso galimoto yopangidwa ndi manja a mwana wa dziko lino!"

Nthungululu zinang'amba bwalo. Mlendo wamkulu anaseka naomba m'manja, ndipo onse a pansanja anaomba naye. Che Usumani anadzipanikiza m'khamu mpaka anagwira jekete ya tcheyamani.

"Achimwene, maliro."

"Khalani chete," ananong'ona Che Laisi, pakamwa pakumwetulirabe kuloza kunsanja. "Mukufuna mulande mphatso pamaso pa anthu onsewa?"

M'zaka zimenezo mwana yemwe ankadziwa kumene amapita munthu wolanda mphatso yotere. Palibe galimoto inaloledwa kuyenda mpaka msonkhano utatha, choncho Che Usumani anauyamba wapansi, hendulo ili paphewa. Chapatsogolo wanjinga wina anawamvera chisoni nawakweza. Anafika pamtengo wa masuku dzuwa litafiira. Panali udzu wopondeka, kanthambi kofota, ndi jeneza yopanda kanthu itatsamizidwa patsinde.

Anthu a mudzi wa pafupi anali atadikira mpaka pamene kutentha kwa Seputembala kunawalola. Shehe wawo ataona kuti sizingathekenso, analamula. Amayi achilendo anamusambitsa Rukiya, amuna achilendo anasonkha sanda, namuika m'manda mwawo. Anachita zonse mwaulemu, Mulungu awalipire. Koma mkazi wa Chiyao amagona pakati pa mbumba yake, ndipo Rukiya anagona pakati pa anthu amene sanamudziwe ngakhale dzina. Kwa Kawinga amuna anakhala m'mphepete mwa dzenje akutchera khutu kumsewu. M'mawa mwake, popeza manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa, anaikamo thunthu la nthochi nakwirira.

Madzulo aja Che Usumani anawapeza mayi ake a Rukiya atakhala pakhonde la eni mudzi.

"Mwabwera, baba?"

"Ndabwera, amayi."

"Dzuwa lapendeka."

Che Usumani anawanyamula mawu amenewo mpaka imfa yawo.

Akuluakulu a kulikulu sakanakwera chinthu chonga Mbulanda, zimenezo aliyense ankadziwa. Kumene inapita palibe ananena. Mvula yoyamba itagwa, Che Laisi anamanga kanyumba ka malata kuseri kwa msika, natumiza munthu kwa Che Usumani kudzapempha hendulo. Anamulandira ndi Abiti Uladi.

"Kawauzeni a tcheyamani kuti tinaikwirira kwa Kawinga, pamodzi ndi nthochi."

Che Laisi anasulitsa ina. Patapita masiku, Che Usumani akumata chubu cha njinga pansi pa mango paja, kuseri kwa msika kunamveka kutsokomola kuwiri, kenaka kubangula kwa paipi ya mjigo. Amayi ena okalamba amene ankadutsa anapatuka n'kugwada, poyesa kuti kukubwera maliro. Chinali chigayo chatsopano cha Che Laisi. Che Usumani anakhala chigwirire chubu chija mpaka guluu anauma.

Sanapangenso galimoto ina, ngakhale anthu anawapempha. Akufa a ku Ntaja anabwerera kukupemphetsa malo pamwamba pa matumba a eni malole, ndipo ena anatsala kumene anafera. Abiti Uladi sanapondepo pachigayocho. Anasinja mumtondo mpaka msana unapindika, chigayo chikulira pamtunda woti n'kuponyapo mwala.

Che Usumani anamwalira dzinja lathali, kunyumba kwawo. Anawanyamula pajeneza yomwe ija anayezera lole. Njira ya kumanda imadutsa kuseri kwa msika, ndipo mwambo wa pano ndi wakuti maliro akamadutsa, wailesi imazimitsidwa, wosoka amaimitsa makina. Chigayo sichinazime. Mwini wake anali pakati pathu, ndipo itafika nthawi yake anaika phewa pansi pa jeneza monga wina aliyense, injini ya womwalirayo ikugaya chimanga cha makasitomala ake. Ine ndinali kumbuyo kwake, ndinaona ndi maso anga.

Masiku ano anthu ayamba kuyankhula, ndipo Che Laisi akafunsidwa za kale amangoti zinali zaka zoopsa, aliyense ankaopa. Mantha analipodi, sindikutsutsa. Mantha angathe kutsitsa maliro pamsewu, mwinanso angathe kugwedezetsa munthu mutu pamaso pa nsanja. Koma sindinamvepo kuti mantha anamangira munthu chigayo.

Inu Che Laisi, Abiti Uladi akadali moyo, ana a Rukiya akula ndipo amafunsa chifukwa chimene mayi awo ali ku Nsanama. Lachisanu likubwerali, swala ikatha, imani pakhomo la mzikiti muwauze anthu: injini imene inaperekedwa ku Liwonde pamaso pa khamu lonse inafika bwanji m'chigayo chanu? Tiyankheni.