Bambo Amene Anakana Siginecha Imodzi

M'komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, cha kwa Kaluluma, muli bambo ena achikulire amene ndimawagomera. Amabwera zala zitada ndi fodya, amakhala kumbuyo, ndipo amayankhula pomaliza.

Chaka chatha a Lucious ndi a Yakub ankalimbirana upampando. Anagwirizana chinthu chimodzi chokha: lamulo lisinthe, wapampando azitulutsa yekha ndalama zochokera kuboma popanda ena kusayinira. Aliyense ankadziona ngati wapambana kale.

Bambo aja anaimirira pang'onopang'ono.

"Chabwino, tisinthe. Koma a Lucious, mukagwa pachisankho, ndalama za mjigo wa kwanu azigwira okha a Yakub. Mwavomera? Nanga inu a Yakub, mukagwa ndinu?"

Onse awiri anaisiya pomwepo nkhani yosintha lamuloyo.

Mpaka lero amasayinira ndi anthu atatu, ndipo mjigowo tikumwa madzi ake.